Masekondi khumi ndi limodzi a ababa

Joni, 14 Juni

Okondedwa amayi,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko ku Nkope? Nanga mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndili bwino, alihamudulila, kungoti kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mafupa. Ndikadali kwa bwana yemwe uja, kukonza mavidiyo a maukwati a eni ake.

M'bale wanga Swadick wanditumizira zonse zimene anajambula pa ukwati wa mchemwali wanga Naima. Wandiuzanso mawu anu, kuti ndichotse pamene ababa anadzandira podzuka kuti apereke pemphero la dua, chifukwa simufuna kuti anthu aziwakumbukira ali ofooka.

Ndayesa, amayi. Nditangodula, chithunzi chinalumpha: ababa ali pampando, mwadzidzidzi aima, ngati wina wawanyamula. Pantchito yathu malo otere timawaphimba. Timaikapo chithunzi china, mawu n'kumapitirira pansi pake, woonera osadziwa kuti padutsa lumo. Ndinaikapo manja a Naima opaka utoto wa hina, kenako ndinabwerera kwa ababa ataima kale. Zinakhala bwino moti ngakhale bwana wanga, amene saona chabwino mwa munthu, anagwedeza mutu movomereza.

Koma chimene ndachotsacho ndi masekondi khumi ndi limodzi, ndipo ndawaonera kosawerengeka. Swadick kujambula sadziwa, dzanja lake limanjenjemera ngati akupeta mpunga, koma apa anagwira bwino. Ababa akudzandira, inu mukuwagwira pachigongono osawayang'ana n'komwe, maso anu ali kwa alendo. Ababa akuseka, n'kunena chapansipansi: "Ajira, musandisiye."

Pafoni nonse munkandiuza kuti akupeza bwino. Sindikukuimbani mlandu. Koma pa ukwati panalibe ine, pa janaza, tsiku la maliro a ababa, panalibenso ine chifukwa cha vuto la mapepala anga okhalira kuno, ndipo ababa amene ndinawasiya ankakoka okha ngalawa kuitulutsa m'madzi. A masiku omalizawo sindinawaone. Ndawaonera pano pokha, ndipo ndaona mmene munkawagwirira. Ndinalira pamaso pa anzanga a pantchito.

Pempho langa ndi limodzi. Ndiloleni ndibwezeretse malo amenewo, osaphimba, osafulumizitsa. Tsiku lina ana a Naima adzaonera vidiyoyi. Agogo awo ataima chilili adzawaona pa zithunzi zina zambiri, koma dzanja lanu lija lili pamenepa pokha.

Sindidzachita mobisa. Mavidiyo onse awiri ali okonzeka, yodula ndi yosadula, ndipo sinditumiza iliyonse mpaka Swadick atandiuza yankho lanu. Mukakana, ndimvera, pakuti anali amuna anu ndisanabadwe ine.

Mundiperekere moni kwa amalume a Atumani, kwa azakhali ku Chowe, kwa Naima ndi alamu anga, ndi kwa Swadick. Allah akusungeni, ndipo awachitire chifundo ababa kumene agonako.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Ayub