Tsiku Lomwe Ndinaphika Keke ya a Breda

Knockaveen,
Cork,
7 Januwale 2024.

Okondedwa achemwali anga a Philomena,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Fintan ndi ana onse. Khadi lanu la Khirisimasi linafika, ndipo chithunzi chija mwakhala padzuwa la ku Perth mutavala chipewa chachikulu chinatipatsa kaduka, chifukwa kuno mvula sinatipatse mpata chiyambire Disembala. Munda wakumunsi uja wasanduka dambo. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija mukulidziwa kale. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa ndikamaimba alamu anu a Breda amakhala ali pambali panga, ndiye ndimangoti tili bwino. Sitinali bwino, achemwali.

Munamva kale kuti mu Seputembala madokotala anapeza chomwe chinkawavutitsa m'mimba zaka zonsezi. Thupi lawo likukana tirigu ndi barele, ngakhale kanyenyeswa chabe, chifukwa cha chinthu china chopezeka m'mbewu zimenezi chomwe amachitcha guluteni. Chisiyireni zakudyazo thupi labwereramo, nkhope yadzaza. Chomwe sindinakuuzeni n'chakuti tsiku lomwe tinachokera kuchipatala anatulutsa ufa wonse m'khitchini, mithiko yakale, ngakhale thabwa lokandirapo buledi lomwe amayi athu anawasiyira, n'kugawira anthu. Anatsuka mashelefu onse, kenako anakhala pansi. Kuyambira pamenepo sanaphikenso buledi kapena keke.

Tangoganizani, munthu woti paukwati, pamaliro, pa ubatizo, parishi yonse inkadalira uvuni wake. Ndinawagulira ufa wapadera uja wa mpunga womwe odwala matendawa amaloledwa, koma anangoununkhiza n'kunena kuti ndi laimu wopakira khola. Ku Misa amapita, koma wansembe akangodalitsa amathamangira m'galimoto, osafika kuholo kukamwa tiyi ndi anzawo. Tsiku lina nditawafunsa anandiyankha kuti, "Ndikatani patebulo la anthu? Ndizikatulutsa kabisiketi kanga m'chikwama ngati mwana wasukulu, aliyense n'kumandiyang'ana ndi maso achisoni? Ndisiyeni."

Ndinawasiyadi, mpaka pomwe inayandikira Khirisimasi ya amayi, tsiku lija la pa 6 Januwale lomwe amuna timagwira ntchito za m'nyumba, akazi n'kukachita phwando lawo okha. Chaka chino phwando linali kwa a Nonie Twomey, ndipo monga mwa nthawi zonse mayi aliyense amapita ndi chake chophika. Cha a Breda mukuchidziwa: keke yakuda ija ya chokoleti ndi mowa wa sitauti, yopakidwa kirimu woyera pamwamba, yomwe imaoneka ngati tambula ya mowawo ndi thovu lake. A Nonie anaimba foni, a Breda anati ali ndi chimfine, chonsecho sanayetsemule n'kamodzi komwe. Apa ndinachita mantha. Inu munali mutachoka kale pomwe abambo ankamwalira, koma ine ndinaona mmene amayi athu anayambira. Anakana ulendo umodzi, kenako wachiwiri, mapeto ake anthu anatopa n'kuwaitana, ndipo anamalizira zaka zawo pawindo. Sindinafune kuonanso zimenezo m'nyumba yomweyi.

Choncho ndinaganiza zoti ndiphike ndine. Musaseke. Kaphikidwe kake ndinkakadziwa pang'ono, poti ndakhala ndikunyambita mbale yake chikwatirireni, ndipo zotsalazo ndinafunsa a Nonie mobisa. Dzulo m'mawa ndinawakhazika alamu anu pampando wa kuchipinda chochezera, tiyi m'manja, moto ukuyaka, ine n'kulowa m'khitchini n'kutseka chitseko. Ndinaiwala kuti mayi ameneyu khitchini yake amaiona ndi makutu.

"Inu a Mossie, mukusakasaka chiyani m'kabatimo?"

"Khalani phee, mayi. Lero ndi tsiku lanu, khitchini ndi yanga."

"Dzira limenelo lagwa pansi, ndalimva."

"Silinagwe, ndalitsitsa."

Kenako ndinatsegula chitini cha sitauti, chinachita kulira kuti psss!

"Mwauyamba m'mawa uno? Anzanu akutsuka mbale, inu mwatsegula bala?"

"Si wakumwa uwu, ndi wa keke."

Ndinathira mowawo mumphika, ndinasungunuliramo batala, ndinaika koko ndi shuga, ndipo nyumba yonse inadzaza ndi fungo lomwe tinalisowa miyezi yonseyi. Ndinathira mazira, kenako ufa wa mpunga uja, ndikutakasa ndi mthiko watsopano womwe sunakhudzepo tirigu. Ndinali nditasamala chilichonse, achemwali, ndipo ndinkadzimva kuti ndine mwamuna. Nditatembenuka ndinangoona chitseko chili chotsegula, a Breda ataima pamenepo, maso ali ofiira.

"A Mossie," anatero mofatsa, "mowa umenewo amaufulula ndi chiyani?"

"Ndi barele, nanga n'chiyani? Mwinanso wa m'munda mwanga momwemu."

Mawuwo anandifera m'kamwa. Ine amene ndalima barele wa chimera chiyambire unyamata wanga, ine amene chaka chilichonse ndimamuperekeza ndi thirakitala kwa ofulula mowa, ndinali nditasaka ufa wapadera m'tauni yonse n'kudzathira ndekha poizoni mumphika. Ndinawafunsa chifukwa chomwe sanandiletsere atangomva chitini chija. Anati ankafuna alimveko kaye fungolo.

Pamenepo mtima unandiwawa kwambiri. Ndinayang'ana pawindo, ndinaona shedi yosungiramo mbewu, ndipo ndinalankhula zomwe zinandibwerera.

"Chaka chino sindidzalanso barele. Ndidzala mbatata, kaya udzu wa ng'ombe."

"Musandiseketse inu. Ndimadya munda wanu ine? Ndine khwangwala?"

Atatero anaseka, kuseka kwenikweni kogwira chitseko, komwe ndinali ndisanakumve chiyambire Seputembala. Atapukuta misozi anandiuza kuti ulipo mowa wina wakuda wofulidwa ndi mapira, wopanda barele, ndipo umapezeka m'sitolo yaikulu ku Midleton. Ndinatenga makiyi a galimoto. Ndikutuluka ndinapeza akumanga mpango kumutu.

"Nanunso mukupita?"

"Ndikusiyeni nokha? Inu mungabwere ndi mafuta a thirakitala."

M'sitolomo anawerenga zolembedwa pa botolo lililonse, mandala ali pamphuno, ine ndikukankha ngolo pambuyo pawo. Anasankha mowa wa mapirawo. Anatenganso botolo la kirimu wa wisiki uja wothira mu zopaka pamwamba, n'kuliwerenga kutsogolo ndi kumbuyo mpaka anakhutira kuti silingawapweteke. Titabwerera ndinakataya zoyamba zija kudzala, ndinakwecha mphika ndi mbale mpaka zala zinatuwa, mthiko ndinatenga wina, ndipo ndinayambiranso. Iwo anakoka mpando n'kukhala pakona ya khitchini, manja atawapana m'khwapa.

"Ine sindigwira kanthu," anatero. "Lero ndi tsiku langa."

Sanagwiredi, koma pakamwa sipanapume. Moto wachuluka. Musamenye mazira ngati akulakwirani. Mwaika soda kapena mwathira feteleza? Ndinkawaona zala zikutuluka m'khwapamo n'kumayenda zokha pabondo ngati zikutakasa, kenako n'kuzibwezanso. Ndinachita ngati sindikuona.

Keke inatuluka mu uvuni itatukuka bwino, moti ndinayamba kuimba mluzu. Posakhalitsa inaphwa pakati n'kung'aluka mbali imodzi. A Breda anati ufa umenewu ulibe cholimbitsa, umafuna kuunyengerera. Ndinaiika pawindo kuti izizire, ndipo ndinayamba kutakasa batala ndi shuga wosalala uja, ndikuthiramo kirimu wa wisiki. Dzanja linalemera pang'ono.

"Basi, basi! Mukufuna amayiwo akabwerere kwawo chokwawa?"

Kudikira kunandikanika, ndiye ndinapaka keke isanazizire bwino. Kirimu anadzaza dzenje la pakati lija, koma wina anatsetserekera mbali imodzi, keke yonse n'kuoneka ngati yapendama. Kunena zoona sinali yokongola. M'chitini chophikiramo munatsalira kachidutswa komwe kanamatirira, ndipo ndinakapala ndi mpeni, n'kukapaka kirimu pang'ono, n'kuwapatsa pa sosala. Anakayang'ana nthawi yaitali asanakaike m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono atatsinzina, ine nditaima ndi nsalu yopukutira mbale paphewa, mtima uli m'mwamba.

"Soda wachuluka," anatero. "M'mbali yauma. Iyi si keke yanga."

"Ndiye ndikaitaye?"

"Mukataye batala yense uja? Mwapenga?"

"Chabwino, ndikangowasiyira a Nonie pakhomo. Ndikanena kuti inu chimfine chakugwirani, koma mwatumiza keke yanu."

Achemwali, mukanaona mmene anadzambatukira pampandopo.

"Kuti ndatumiza ine? Chinthu chopendama chonchi? A Gobnait Cashman ndi pakamwa pawo paja akalawe, mawa parishi yonse imve kuti Breda Ahern waiwala kuphika? Ayi ndithu. Ndikanena ndekha amene wapalamula zimenezi. Bweretsani jasi langa, labuluu lija."

Musandifunse ngati ndinanena dala mawu amenewo. Ine ndine mlimi chabe.

Ndinawaperekeza dzuwa lisanalowe, keke ataifungatira pamiyendo, akundikalipira pa bampu iliyonse. Titafika pageti la a Nonie ndinazimitsa galimoto, koma iwo sanatsike msanga. Anayang'ana mawindo owala aja, mithunzi ya anzawo ikudutsadutsa.

"Musachoke kaye," anatero chapansipansi. "Mwina ndingopereka n'kubwerako."

Ndinati ndili pompano. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, mbale ili m'manja. Asanagogode n'komwe chitseko chinatseguka, ndipo ndinamva mawu a amayi ambiri akufuula dzina lawo nthawi imodzi. Manja a anzawo anawakokera m'kati, chitseko n'kutsekeka. Ndinatsitsa galasi la galimoto ngakhale kunkawaza mvula. Patapita kanthawi kunabuka phwete la kuseka, ndipo pakati pa phokosolo ndinamva dzina langa ndi liwu loti barele. Ndinadziwa kuti mbiri yanga yathera pomwepo, ndipo sindinasangalalepo chotere ndi kusekedwa.

Kenako a Nonie anatuluka, nsalu ya patebulo ili kumutu, n'kudzagogoda pagalimoto.

"A Mossie, mukulondera chiyani pano? Amuna lero sakufunika. Kazipitani mukatsuke mbale, mkazi wanu tidzamubweretsa tokha."

Ndinavomera, koma sindinanyamuke nthawi yomweyo. Maso anga sankaona bwino msewu, ndiye ndinakhala kaye pang'ono. Zimenezi ndikuuza inu nokha. Nditafika kunyumba ndinatsitsa zokongoletsa za Khirisimasi, ndinatsuka ziwiya zonse, ndinakolopanso pomwe panagwera dzira paja. Anabwera nawo madzulo, masaya ali psuu, mbale ili yopanda kanthu. Akuti a Gobnait anadya kawiri, uku akunena kuti soda wachuluka.

Tsopano ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, mukaimba foni Lamulungu musawafunse za m'mimba, atopa nalo funso limenelo. Afunseni za kuphika, ngakhale chinthu choti mukuchidziwa kale, ndipo mukawatsutsa pang'ono zikhala bwino kwambiri. Chachiwiri, ngati kumeneko kuli ufa wabwino wa anthu odwala matendawa, titumizireniko paketi imodzi tiuyese. Nditumizireninso mafuta opaka bondo aja, anandithandiza chaka chatha.

Mundiperekere moni kwa a Fintan, muwauze kuti ndikuwadikirabe adzandithandize kukonza mpanda monga analonjezera. Moni kwa ana ndi zidzukulu zonse, makamaka kakhanda komwe sitinakanyamulebe. Manda a amayi ndi abambo ndinakalambula Khirisimasi isanafike, ndipo ndinaikapo maluwa m'dzina la tonse awiri.

Kalatayi ndikulembera pabondo kuchipinda chochezera, ndiye mukhululuke zilembo zokhotakhota. Patebulo la kukhitchini andithamangitsapo m'mawa uno, akuti akufuna aone chomwe ndinalakwitsa. Alamu anu akupereka moni wambiri. Ndinawaitana kuti adzalembe okha dzina lawo pansipa monga amachitira chaka chilichonse, koma akuti mupepese, sangagwire cholembera, manja awo ali ndi ufa.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mossie