Zithunzi za Bambo Zayamba Kuda

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno thupi lili bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Nkhani ndi ya bambo. Mukudziwa kuti chisiyireni ntchito yolemba zikwangwani amangokhalira pakhonde kujambula zithunzi za minda, ine n'kumakazisiya kusitolo. Chaka chino zayenda malonda. Mwini sitoloyo akuti anthu akuzilimbirana, ati zithunzi zamadzulo zimenezi zimakhazika mtima pansi: mitengo ili bii, kumwamba kofiirira, munda uli zii. Mayi wina akuti anapachika chimodzi kuchipinda kuti azichiyang'ana akatopa ndi ana. Ine bambo ndinkangowauza kuti zagulidwa. Matama ake osanena, mpaka ayamba kuvala jekete pokagula penti.

Lachiwiri anandiitana kuti ndione chatsopano. Munda wamdima, kanjira kosaoneka bwino, munthu atanyamula khasu. Ndinati madzulo awa ndiye aposa onse. Anandiseka.

"Madzulo ati, mwanawe? Awa ndi masana. Sukuona dzuwa likuswa mtengo?"

Ndinayankha kuti ndikuliona. Kenako ndinaima kumbuyo kwawo, n'kuwaona akuviika burashi m'chitini cha penti wakuda, pakamwa akuti akuwonjezera msipu. Achimwene, bambo sanajambulepo madzulo. Ndi maso awo akutha. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira.

Kuwauza kwandikanika. Chimwalirireni mayi, burashi ija ndiyo imawadzutsa m'mawa, ndipo ndikuopa kuti akadziwa aiponya. Koma tikakhala chete maso apitiratu. Ndinayesa kutchula zachipatala mozungulira, anandifunsa kuti ndinayamba liti udokotala. Ine kwa iwo ndine mwana wadzulodzulo. Inu amakumverani, ngakhale mokwiyakwiya.

Chonde pemphani tchuthi mubwere mwezi uno, musadikire Disembala. Musaimbe foni, angokuuzani kuti ali bwino kuposa inu.

Panopa akujambula china, akuti n'chanu, cha m'mawa dzuwa likutuluka, choti muzikumbukira kwathu. Akuimba mluzu. Ndachisuzumira popita nawo madzi akumwa, n'chakuda kuposa zonse zija, ndipo andiuza kuti mawa ndikachitumize.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni mpaka mufike.

Ine mlongo wanu,
Chitsirizira