Kamwala ka pa manda anu

Amayi, kodi mukukhalako bwanji komwe munapitako?

Ife kuno ku Golomoti tilipo. Mpunga wa ku Bwanje wachita bwino, ngakhale mbalame zatizunza. Mwana wanga Tiyanjane wabereka mwana wamwamuna. Patha sabata ziwiri khandalo lilibe dzina, n'chifukwa chake ndakhala pansi kukulemberani.

Mukuwakumbukira agogo achiyuda aja ankafikira ku Mua? Aja ankayenda m'midzi kulemba mbiri ya anthu omwe anasowa nthawi ya chipani chimodzi. Atabwera kudzafunsa za abambo, munawabweza ali pakhonde pomwe. Ine munandiuza mawu anu a masiku onse aja: "Tseka pakamwa iwe, ndikufuna ukule." Ndinakuladi, koma dzina la abambo sindinalimvenso pakamwa panu kuyambira tsiku lomwe galimoto ya boma ija inawatenga kusukulu komwe ankaphunzitsa. Ndinkakukwiyirani, Amayi. Ndinkati munawaiwala.

Pa maliro anu agogowo anabwera, akuyendera ndodo. Ena akuika nkhata, iwo anatola kamwala n'kuika pamtumbira. Amalume anakalipa kuti mzungu wabweretsa mankhwala, n'kukataya kutchire. Agogowo anandikokera pambali. Kenako anandiuza kuti kwawo kamwala kamasonyeza kuti pano panafika munthu amene sanaiwale. Makolo awo anaphedwa ku Ulaya iwo ali kamtsikana, chifukwa chongokhala Ayuda, ndipo alibe manda oti n'kuikapo mwala.

Agogo aja nawonso atisiya, Amayi. Mwana wawo wanditumizira buku lomwe analemba. Nditatsegula ndinawapezamo abambo: Lameki, mphunzitsi, woimbitsa kwaya, wosadya therere. M'munsi mwake analemba kuti zonsezi anafotokoza ndi mkazi wawo, amene anapita yekha ku Mua katatu. Ha! Inuyo? Paja munkati mukukatenga mankhwala a miyendo kuchipatala! Ndinalira mpaka Tiyanjane anandilanda bukulo. Mundikhululukire.

Mwanayu timutcha Lameki. Tizimuitana mokweza, pabwalo, aliyense akumva.

Loweruka tikukalambula kumanda. Amalume ndawawerengera tsamba lija, ndipo anangofunsa kuti tinyamuka nthawi yanji. Ndatola timiyala tiwiri. Kamodzi n'kanga. Kachiwiriko ndikabwezera pomwe agogo aja anaika kawo, ndipo ndikulonjeza kuti ine ndili moyo palibe adzakachotse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esitere