Tsiku Limene Ndinagoneka Amalume Pamphasa

Loweruka, 18 Novembro 2023

Lero ndapalamula. Timajambula sena yomaliza ya kafilimu kanga, ya maliro ija, kunyumba kwa amalume a Policarpo konkuno ku Lifidzi. Amalume anagona pamphasa ngati mtembo, ine n'kuwafunditsa nsalu. Akatswiri a sewero ndingawalipire chiyani ine? Ndinangopempha amayi atatu a kwaya ya ku kapela kuti alire, koma motsitsa. Uchitsiru wanga. Mayi wa kwathu kuno ungamuuze kuti alire maliro motsitsa? Anakuwa mpaka kutsidya kwa dambo.

Mvula yodzalira inagwa dzulo, ndiye mudzi wonse unali kuminda. Anthu anataya makasu n'kuthamangira kuno, poti pamudzi pakagwa maliro salima. Akatekisita anaimba belu. Bwalo litadzaza, amalume anavundukula nsalu n'kupempha fodya. Palibe anaseka.

Sena yokhayo yatuluka bwino zedi. Ndikuchita manyazi kuti ndikukondwera nayo.

Lamulungu, 19 Novembro

Ku Misa anthu amandiyang'ana ngati ndaba nkhuku ya padiri, wansembe wathu. Amayi anga akuti ndaitana malodza, munthu wamoyo saliridwa, filimuyo ndiifufute. Ndawafotokozeranso kuti eskola ya mafilimu ya ku Lisboa, kumene ndikufuna kukaphunzira, siipereka bolsa, ndalama zolipirira maphunziro, kwa munthu wopanda kafilimu koonetsa, kuti tsiku lotseka ndi pa 30, ndipo popanda sena imeneyi nkhani yanga ilibe mathero. Amangosenda mbatata osadzutsa mutu.

Lachiwiri, 21 Novembro

Ivo, mnzanga wa ku sekundariya ku Ulongwe, wanditumizira mawu patelefoni kuchokera ku Lisboa. Waseka mpaka kutsamwa. Akuti kumeneko mtembo ndi chidole, olira ndi aganyu, magetsi ndi makamera n'za eskola, ndipo oyandikana nawo nyumba ngakhale ukuwe chotani satuluka. Akuti tumiza msanga, azungu amakonda kulira kwenikweni ngati kumeneko. Mawu amenewa andinyansa, koma ndikudziwa kuti sakunama.

Kuno ndapempha thandizo mpaka kutopa. Ku Tete anati nkhani za mafilimu n'za ku Maputo. Ku Maputo, zii. Ndakalambira kujambula maukwati ndi maubatizo ndi kamera yobwereka, mkwatibwi aliyense akufuna ndimuyeretse nkhope. Ndikapanda kupita chaka chino ndidzafera momwemo.

Lachinayi, 23 Novembro

Amalume adwala. Chifuwa, thupi moto. Ndikudziuza kuti ndi chifuwa chawo chakale cha fodya, koma ndinawagoneka pansi pozizira m'mawa wonse uja, n'kumabwereza sena kuti kuwala kukhale bwino.

Akazi awo, a Zeferina, sanayankhe moni wanga. Azimayi a pachitsime akuti imfa ukaiitana siibwerera chimanjamanja. Amalume okha ndi amene anandikodola kuti ndiyandikire.

"Márcia, chinthu chako chija watumiza?"

Ndinati ayi, amayi akukana.

"Mlongo wangayo ndi wamantha chibadwire. Tumiza, azungu aone mmene timafera bwino kuno."

Anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. Ndinatuluka.

Lachisanu, 24 Novembro

Amalume akana zopita kuchipatala. Kamera sindinaigwire.

Lolemba, 27 Novembro

Ndinakwera shapa, kaminibasi kathu kaja, kupita ku Ulongwe. Amayi ndinawauza kuti ndikukagula mankhwala a amalume, ndipo ndagula ndithu. Koma ndinakhalanso kuseri kwa msika, pamene rede ya telefoni imagwira bwino, mpaka filimu yonse inapita ku Lisboa. Dzina la amalume ndaliika loyamba, pamwamba pa langa.

Ndimayesa ndidumpha ndi chimwemwe. Ndinangokhala pamwala, mtima uli lemelele ngati thumba la nyemba zonyowa. Pobwerera ndinagula mkate woti ndikawanyikire amalume mu tiyi. Sanadye.

Lachitatu, 29 Novembro

Amalume atisiya m'mawa uno.

A Zeferina ndi amayi anayamba kulira. Ine ndinatulutsa mabenchi pabwalo, n'kuyala mphasa za amayi obwera. Ndinadikira. Kutsidya kwa dambo ndimawaona anthu m'minda mwawo: anaweramuka, anayang'ana kuno, kenaka anaweramanso n'kupitiriza kulima. Munthu amene sanaphonyepo maliro a wina aliyense m'mudzi muno, amene amakumba nawo manda ndi chifuwa chake chomwecho, anagona m'nyumba ndi akazi awiri okha omulira.

Ndinathamangira kwa akatekisita kuti aimbe belu. Anandifunsa ngati za kamera zija zayambiranso. Ndinagwada pakhomo pawo, misozi ili chuchuchu. Anati abwera aone kaye ndi maso awo.

Nditabwerera, a Zeferina anandilankhula koyamba chiyambire nkhaniyi. Mawu anali atasasa.

"Ine kulira kwanga sakukumva. Pita wekha, munda ndi munda, ukawauze kuti malume ako afadi."

Ndinamanga chitenje n'kutsika kudambo. Munda woyamba unali wa a Benedita, mmodzi mwa amayi a kwaya ndinawaliritsa aja. Ndinagwada pamzere n'kunena. Anandiyang'ana kaye m'manja, manja onse awiri, kuona ngati muli kamera, kenaka anaika khasu pansi.