Atelala Akuyesa Kuti Dokotala Ndi Wina

Aphungu,

Ndine dokotala wa maso, mkazi, ndipo zaka makumi atatu sindinazikwanitse. Vuto langa loyamba ndi nkhope. Ndinatengera mayi anga, kathupi kochepa ndi masaya a mwana wa sukulu. Chaka chino ananditumiza kudzagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha mumzinda muno. Ine ndinakulira m'katauni ka msewu umodzi, choncho mpaka lero ndimayenda kukamwa kuli yasa. Kuno misewu imadutsana ina pamwamba ina pansi, ndipo nyumba zina ukati uone pamene zathera khosi limachita kuwawa. Sabata yoyamba ndinakwera basi yolakwika mpaka inakanditula kumene mzinda umathera, koma sindinadandaule, ndinkangosuzumira pawindo ngati mwana. Chipatala chenichenicho ndi mudzi pachokha. Nditasochera m'makonde ake, mlonda wina anandigwira pamkono n'kunena kuti, “Iwe, ana a sukulu sadutsa kuno.” Apo n'kuti nditavala chovala changa choyera cha udokotala.

Koma chimene chimandithetsa mawu kwambiri ndi ntchito yomwe. Ine ndimachotsa ng'ala. Ndikasuzumira m'makina okulitsira zinthu, diso la munthu limakula mpaka kudzaza dziko lonse, timitsempha take tikuoneka ngati ulusi wofiira. Umachotsa kamtambo koyera kaja n'kuikamo kagalasi kochepa kuposa chikhadabo. Mawa lake ukamasula bandeji, munthu amene wakhala zaka mumdima amayamba wayang'ana manja ake omwe. Ena amaseka, ena amalira. Mayi wina anakalipira mwana wake kuti wanenepa osamuuza. Ndaziona kambirimbiri koma sindizolowera, Aphungu, nthawi zonse thupi langa limachita tsemwe.

Tsono nkhani yanga ndi iyi. Mwezi watha kunabwera bambo wina wachikulire, telala, maso onse awiri ataphimbika ndi ng'ala, akutsogoleredwa ndi mwana wawo wamkazi. Kusoka anasiya kalekale, komabe tepi yoyezera amayendabe nayo m'khosi. Nditawapatsa moni anagwira dzanja langa n'kulipapasa ngati akusankha nsalu. Kenako anati, “Zikomo mwana wanga. Tsopano kaitane adokotala.” Ndinawauza kuti dokotalayo ndine. Anaseka mpaka kutsokomola. “Ine ndasoka mayunifolomu a ana onga iwe mpaka msana kupindika. Diso si thumba la buluku loti ukalakwitsa umasula n'kusokanso.” Anadzuka kuti azipita.

Nthawi yomweyo munalowa a Ng'oma. Amenewa ndi bambo wa imvi amene amayeza anthu magalasi m'chipinda choyandikana ndi changa, ndipo tinawapatsa dzinali chifukwa cha mawu awo, akalankhula mawindo amachita kunjenjemera. Si dokotala ndipo sanadzitchepo dokotala, anangobwera kudzabwereka cholembera. Anati, “Muli bwanji, bambo?” Atelala anabwerera pampando nkhope itawala. “Eyaa, awa ndiye adokotala.” Mwana wawo ananditsinzinira diso. A Ng'oma anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Ndinafotokoza zonse za opaleshoni, a Ng'oma akungoti, “Ndi choncho, ndi choncho,” ndipo atelala anavomera.

Chiyambire tsiku limenelo, akabwera kudzayezetsa amafunsa adokotala a mawu aakulu. Ine amandituma madzi akumwa. Ulendo wapitawu anavula tepi ija n'kuyeza mapewa a a Ng'oma, mwana wawo akuwawerengera manambala, ati akangoona chovala choyamba kusoka chidzakhala jekete ya dokotala wawo. Atelala atatuluka, a Ng'oma anandiuza kuti, “Adokotala, ine jekete imeneyi sindivala. Muwauze, apo ayi ndiwauza ndine.” Koma mwana wawo akundichonderera kuti, “Chonde musawauze. Bambo anga ndimawadziwa, akangomva sabweranso. Bola aone, zokalipazo adzakalipe akuona.”

Opaleshoni ili kumapeto kwa mwezi uno. Pochotsa ng'ala sitimugoneka munthu tulo, timangochititsa diso dzanzi, choncho adzamva mawu anga pamwamba pa nkhope yawo, ndipo ndikuopa kuti akadzidzimuka kampeni kali m'diso tidzaononga zonse. Ndikanena chilungamo mwina athawa n'kukafera mumdima. Ndagwira njakata, Aphungu. Ndichite chiyani?

Dokotala W. C., mumzinda wa eni

*

Adokotala,

Ndayamba dala ndi dzina limenelo, chifukwa zikuoneka kuti inu eni ake mwayamba kulikayikira.

Nditatha kuwerenga kalata yanu ndinavula magalasi anga. Ine kulowetsa ulusi pa singano ndimachita kupempha anansi, pamene inu mumalowa m'diso la munthu n'kutulukamo mutayatsa nyale. Inu mukudabwa ndi nyumba zitalizitali za mumzinda, ine ndikudabwa ndi inu. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mzinda umenewo uli ndi mwayi kuti munatsikira kumeneko, ngakhale munatsika basi yolakwika.

Komabe pa atelala mwaphonya, ndipo sindikubisirani. Bambo amenewa sanavomere inu. Anavomera dokotala amene kulibe, wa mawu a munthu wina ndi manja a munthu wina. Diso ndi lawo, ndipo ayenera kudziwa dzanja limene lilowemo, ngakhale atati alikane. Munthu wosaona amadalira makutu. Mukamunamizanso m'makutumo ndiye kuti mwamutsekera khomo lomaliza limene linatsala. Mantha anu a pa tebulo la opaleshoni ndi oona, koma ngakhale atagona duu osagwedezeka, bodzalo lingakhalebe bodza.

Yambani ndi dokotala wamkulu wa gawo lanu la maso. Muuzeni zonse mmene mwandiuzira ine. Manyazi adzakugwirani, koma manyazi sapha, ndipo mukufunika munthu woti adzagwire ntchitoyi ngati atelala atakanitsitsa. Mukatero khalani pansi ndi mwana wawo. Mayiyu amakonda bambo ake, ndiye n'chifukwa chake akuopa. Muuzeni mwaulemu kuti chilungamo chinenedwa, ndipo kuti opaleshoni ichitikabe, kaya ndi inu kaya ndi wina. Akamva zimenezi mtima ukhala m'malo.

Kenako itanani atelala tsiku lisanafike, osati atavala kale chovala cha chipatala. A Ng'oma akhalepo, ndipo anene ndi mawu awo omwe aja kuti iwo ndi oyeza magalasi basi. Bambo amenewa muwathokoze, akukuthandizani kuposa mmene anakuthandizirani tsiku la cholembera. Akatha iwo, pepesani inu. Musadziikire kumbuyo, ndipo musayambe kutchula masukulu amene munapita, satifiketi yapakhoma atelala sangaione. Akakalipa asiyeni akalipe, ali ndi chifukwa.

Mkwiyo ukatsika, alankhuleni m'chinenero chawo. Mwandiuza nokha kuti amadziwa zinthu ndi zala. Tengani ulusi umene madokotala a maso mumasokera, uja wopyapyala kuposa tsitsi, musoke nawo kachidutswa ka nsalu n'kuwapatsa apapase. Telala akhoza kutsutsa mawu a munthu, koma msoko wabwino amauzindikira. Muwafunsenso kuti anali ndi zaka zingati pamene munthu woyamba anawapatsa nsalu yodula kuti aidule ndi sizasi. Ndikukhulupirira kuti ndevu zinali zisanamere, ndipo mwini nsaluyo mtima unali m'mwamba. Ngati pali wachikulire mnzawo amene munamuchotsa ng'ala ndipo angalole, abwere acheze nawo. Okalambafe timamvana tokhatokha.

Zonsezi zikachitika, mwina adzanenabe kuti akufuna wa imvi. Zikatero musalimbane nawo. Aperekeni kwa dokotala wamkulu uja mokondwa. Chimene mudzataye ndi kaulemu ka tsiku limodzi, koma iwo adzaona, ndipo ntchito imene munaphunzira ndi imeneyo.

Za kuchepa kwa nkhope zisakusowetseni mtendere. Mukalowa m'chipinda muziyamba ndinu kunena kuti, “Ndine dokotala wanu,” munthu asanayambe kukutumani madzi. Ena adzasekabe, koma mbiri ya maso otseguka imayenda msanga kuposa mabasi a mumzinda wanuwo. Imvi musazilakelake, zikubwera zokha, palibe amene zinamuiwala. Ndipo kudabwa kwanuko musakutaye. Tsiku lopuma itanani mnzanu wa kuntchito mukwere dala basi yosadziwika, mzinda umazolowereka ndi mapazi. Tsiku limene mudzamasule bandeji thupi lanu osachita tsemwe, limenelo ndiye mudzandilembere kuti mwakalamba.

Chenjezo langa ndi limodzi: musazengereze, mwezi ukutha. Mwanena kuti munthu akamasulidwa bandeji amayamba wayang'ana manja ake. Atelala akadzatha kuyang'ana manja awo adzakweza maso, ndipo nkhope yoyamba imene adzaione patapita zaka zonsezi ikhoza kukhala yanu. Isadzakhale nkhope ya munthu amene anawanamiza ali mumdima.

Aphungu