Maunda Awiri Otsala

Kapichila, Lundazi
Lamulungu, 15 Juni 2025

Wokondedwa mng'ono wanga Pemphero,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Muli bwanji kumeneko ku Kasungu, iwe, alamu ndi ana? Nanga mwendo wa Amayi uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, kungoti chisanu chalowa msanga chaka chino. Kalatayi ndapatsira mayi Memory, aja amabwera kudzagulitsa mchere pa msika wa Lundazi. Foni ndinagulitsa, choncho usavutike kuyimba nambala ija.

Ntchito ya ku famu ya fodya ku Mwase inatha pa 31 Meyi. Abwana anati chaka chamawa adzadzala soya, ndipo soya safuna manja ambiri ngati fodya. Anatiuza kuti tituluke m'nyumba za pafamu tsiku lomwelo. Amene anandilandira ndi Obby, mnzanga wa kuno ku Kapichila amene amakonza njinga. Ndimagona m'kachipinda kamene amasungamo matayala akale.

M'kati mwa sabata ndimayenda kufunafuna ntchito. Kulikonse amayamba ndi kufunsa chitupa cha kuno, ndipo ndikangoyankha amamva kale kuti ndine wa kutsidya kwa malire. Loweruka masana timakhala pamthunzi pomwe Obby amakonzera njinga, n'kumasewera nsolo, uja kwathu timati bawo. Amabweranso Eston, wa kwathu konko, amene anatichotsera limodzi ntchito. Kale wogonja ankagulira anzake nzimbe. Masiku ano wogonja amangopopa matayala a makasitomala, ndipo Obby amati chiyambireni sanakhalepo ndi antchito awiri aulere, ochokera kunja ngati katundu wa m'sitolo. Timaseka, koma dzuwa likamapendeka aliyense amayamba kuganiza za mawa.

Tsopano nkhani imene ndalembera kalatayi ndi ya nkhunda za Abambo.

Ukukumbukira kuti pamene ndinkanyamuka anandipatsa ziwiri m'kadengu, yaimuna ndi yaikazi, zija zotuwa za khosi loyera. Ukudziwanso kuti chaka chimene anamwalira, chitopa chinatha zonse za kumudzi. Za kuno zokha ndizo zinatsala za mtundu wawo. Zinaswana mpaka kufika khumi ndi zinayi, ndipo khola ndinazimangira kuseri kwa nyumba yanga ya pafamu.

Tsiku lotuluka ndinazitenga zonse, pamodzi ndi maunda awiri amene anali atangoswedwa kumene. Kwa Obby ndinazitsekera m'khola latsopano. Abambo ankanena kuti nkhunda yosamutsidwa suitsegulira mpaka itaikira mazira pamalo atsopanowo, apo ayi imabwerera kumene inazolowera. Obby ndinamuuza kuti azingoziponyera gaga ndi kuzithirira madzi m'phale ine ndikachoka.

Loweruka pa 7 Juni ndinalawirira ku boma, nditamva kuti wina wogula mtedza akulemba anthu onyamula matumba. Ndinaima pamzere mpaka masana, osalembedwa. Pobwera ndinapeza chitseko cha khola chili pululu. Obby sanawetepo nkhunda. Anaziona zikukankhana pawaya, zinamumvetsa chisoni, n'kutsegula kuti ziwothereko dzuwa. Akuti zinazungulira denga kawiri, kenako n'kulunjika ku Mwase. Atandiona anaika sipanala pansi, n'kumangoti phepa munyane, phepa munyane, ndiko kuti pepa mnzanga m'Chitumbuka chawo. Sindinamukalipire. Munthu wakupatsa pogona umukalipira bwanji?

M'mawa mwake sindinapite kutchalitchi. Ndinabwereka njinga n'kupalasa mpaka ku famu. Nkhunda ndinazipezadi, zili ndandanda pa khola lawo lakale. Koma m'nyumba mwanga muja munali mutalowa kale mlamu wake wa kapitawo wa pafamupo, ndipo padzala ndinaona nthenga zotuwa. Kapitawo anandiuza kuti chilichonse chogona pafamu ndi cha famu. Nditati nkhundazo ndinachoka nazo kwa bambo anga, anaseka n'kunena kuti mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka sasiya khola pamalo a eni. Anawonjeza kuti ngati ndikufuna mlandu tipite kupolisi, koma ndisaiwale kutenga chitupa. Ndinakwera njinga n'kubwerera.

Dzulo Eston anandiperekeza komweko, tinaima kunja kwa mpanda. Khola analiphwasula, mitengo yake akusonkhera moto. Padenga panali nkhunda imodzi yokha, yaimuna ija yaikulu. Ndinayiimbira likhweru lija la Abambo. Inatembenuza mutu, inandiyang'ana, koma sinatsike. Eston anandigwira paphewa kuti tiyeni, anthu ayamba kutiyang'ana. Tinabwerera ku Kapichila.

Otsala ndi maunda awiri aja. Makolo awo anawasiya m'chisa tsiku limene anauluka. Ndimawadyetsa ndekha monga ankachitira Abambo. Ndimaviika mphale m'madzi, kutafuna mpaka itafewa, kenako ndimalowetsa milomo yawo m'kamwa mwanga, amayamwa okha. Poyamba Obby ankati ndasanduka nkhunda yaikazi, angotsala kundiikira udzu kuti ndiikire mazira. Tsopano ndikachedwa ndimapeza wayamba kale kutafuna iyeyo, atafulatira msewu kuti makasitomala asamuone. Maundawo akula, nthenga zatuluka, ndipo onse awiri ali ndi khosi loyera.

Lachinayi lapitali mwini sitolo ina pafupi ndi msika anavomera kundilemba, osafunsa chitupa. Ntchito yake ndi yotsitsa ndi kukweza matumba a soya, kuyambira m'mamawa mpaka kutseka. Ndiyamba Lolemba pa 23 Juni. Pogona ndi kuseri kwa sitoloyo, anthu anayi chipinda chimodzi, ndipo ananeneratu kuti safuna chiweto chilichonse pafupi ndi matumba ake. Kukana ntchitoyi sindingathe, m'bale wanga. Maundawo kuwasiya kwa Obby ndikanatha, koma mmene ndikuwaonera, sabata ziwiri sizitha asanayambe kuuluka. Pamene adzaulukire koyamba, pamenepo ndiye kwawo mpaka kufa. Sindikufuna kuti nkhunda zomaliza za Abambo zidzadziwe denga la eni ngati kwawo.

Pempho langa ndi limodzi. Ubwere Loweruka pa 21 Juni udzawatenge. Mayi Memory akudziwa pamene amatsikira akamabwera kumalire, ukwere nawo limodzi, ine udzandipeza pomwepo ndi kadengu. Ya thiransipoti ndawapatsa kale. Usanabwere ukonze khola la Abambo lija ngati mitengo yake idakalipo. Uchotse udzu wonse wakale n'kuwutentha, uwaze phulusa, utseke mabowo kuopa makoswe. Ukafika nawo uziwadyetsa pakamwa m'mawa, masana ndi madzulo mpaka atayamba kutola okha. Ana usawalole kuwagwiragwira. Ngati onse ali aamuna kapena aakazi sindikudziwa, pa msinkhu uwu sizioneka. Tidzaona.

Undiperekere moni kwa Amayi, kwa alamu anga mayi a Taizya, ndi kwa Taizya yemwe, umuuze kuti abambo ake aakulu sanamuiwale. Moni kwa achemwali a Esinati ndi amuna awo, kwa amalume, ndi kwa azakhali ngati anabwerako kuchipatala. Obby ndi Eston akuti moni kwa nonse.

Amayi nthawi zonse amayamba kufunsa za nkhunda asanafunse za ine. Za nthenga za padzala usawauze. Ungowauza kuti ziwiri zinachoka pakhomo, ziwiri zikubwerera. Akafunsa kuti nanga mwini wake abwera liti, uwauze kuti wapeza ntchito.

Ndine mkulu wako,
Wilson