Zimene amayi amafunsa foni

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula ndi mpando wa muofesi. Nanga chotupa cha m'bere chija munandinong'oneza tikuchapa kuseri kwa nyumba chili bwanji? Musandiyankhe kuti sichipweteka, yankho limenelo ndatopa nalo.

Paja mumandiseka kuti ndimalipidwa chifukwa chongodinadina kompyuta. Lero mumve. M'mawa uliwonse ndimatsegula mndandanda wa mawu amene anthu amalemba pa intaneti akamafufuza zinthu. Mayina saoneka, amangooneka mafunso ndi kuchuluka kwa ofunsa. Panopa ndikukonza tsamba la pa intaneti la chipatala china cha amayi kuti ofunsawo azilipeza msanga.

Adokotala akumeneko anadzaza tsambalo ndi mawu akusukulu kwawo, otalika ngati njanji. Ndinawaonetsa kuti mawu awowo amawalemba anthu osakwana makumi awiri pamwezi, pomwe amayi opitirira zikwi zitatu amafunsa ngati chotupa chosapweteka chimatha chokha. Anachita tsinya n'kundikumbutsa kuti ine si dokotala. Ndinavomera, koma ndinawauza kuti munthu wamantha salankhula ngati buku. Abwana anga akuofesi, amene tinali nawo pomwepo, thukuta kamukamu, ine osagwedezeka. Mapeto ake anandilola kuika funso lenilenilo pamwamba pa tsamba, iwo n'kuyankha mwachidule m'munsi mwake.

Papita miyezi iwiri, ndipo anamwino akuti mabenchi akumadzaza. Akuti ambiri akapimidwa chotupacho chimapezeka chosaopsa, ndipo ngakhale chikhale choopsa, wofika msanga amathandizika. Amene amawamvetsa chisoni ndi aja odikira kuti chiyambe kupweteka.

Ntchito yangayi ndimaidziwa ndithu, koma masiku ano ikundipatsa mantha. Ndikamawerenga mafunso aja ndimamva mawu anu. Anzanu akufunsako foni, inu simunafunse ngakhale foniyo.

Pempho langa ndi limodzi. Ndatenga tchuthi, ndifika Lachisanu pa basi ya m'mawa, ndipo Lolemba tipitire limodzi kuchipatala. Eni madiresi mukusokawo adikire, makina osokera sathawa. Amayi athu sindinawauze, ndasunga chinsinsi monga ndinalonjezera, ndipo sindiwauza. Koma alamu muwauze nokha ndisanafike, chifukwa akandiyang'ana m'maso ine kunama sindingathe.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Mwana wanu woyambayo mumuuze kuti nsapato zake sindinaiwale.

Kale munkandibereka kupita nane kusikelo ine ndikulira njira yonse, ndipo simunkandifunsa ngati ndikufuna. Nanenso sindikufunsani.

Ndine mng'ono wanu,
Wamakani uja